Amayi, masamba a kudimba aja musagulitse onse

Okondedwa amayi anga aNangozo,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino kumeneko ku Lizulu ndi chisanu chanu chija. Ife kuno ku Blantyre tilipo, adzukulu anu akupereka moni.

Kalatayi ndailemba poyera dala. Pafoni mumangoti "ndamva mwanawe", kenako mwayamba kundifunsa za mtengo wa feteleza. Ndiye ndati ndilembe, muvale magalasi anu aja muwerenge mofatsa, ndipo anzanu a Chigwirizano ku Mlanda amene akudwala nthenda yomweyi amvere nawo.

Achimwene andiuza zimene adokotala alemba m'buku lanu la kuchipatala. Shuga sanatsike monga tinkayembekezera, ndipo tsopano apezanso kuti mafuta a m'magazi, aja amati cholesterol, akwera. Akuti pobwerera munadandaula njira yonse mu minibasi kuti, "Shuga ndinasiya kale mu tiyi, nanga akufunanso chiyani anthu amenewa?"

Munasiyadi, ndipo ndimakunyadirani, chifukwa ndikudziwa mmene munkaukondera tiyi wa masupuni atatu. Koma amayi, shuga wa m'magazi sachokera m'paketi mokha. Nsima ikafika m'mimba imasanduka shuga. Mpunga, buledi, chinangwa, mbatata, mondokwa, thobwa, zitumbuwa, zonsezi chimodzimodzi. Ndipo mundikhululukire, kachewere nayenso.

Ndikudziwa kuti apa ndaponda pachilonda, pakuti ndi kachewere amene anatilipirira sukulu tonsefe. Limani, gulitsani, palibe akukuletsani. Koma bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, pamene limati munthu azidya magalamu 400 a masamba ndi zipatso tsiku lililonse, kachewere, mbatata ndi chinangwa siliziwerengera m'gulumo. Limaziika pamodzi ndi nsima. Inu mumam'phika kachewereyo ndi tomato ngati ndiwo, n'kudyeranso mitanda itatu. Mwadya nsima kawiri pa mbale imodzi, amayi, masamba osaoneka.

Chimene chimandipweteka n'chakuti masambawo muli nawo. Malole amanyamula kabichi, mpiru, repu, zitheba ndi tomato pa Lizulu ndi pa Tsangano Turn-off kupita nazo ku Lilongwe ndi kuno, ife n'kumagula pa mtengo wokwera, tikukanganirana. Inu amene mwathirira ndi khasu ndi keni mumatengera kumsika zonse zabwino, pobwera mwagula chipisi cha pachiwaya ndi kanyenya wa nkhumba kuti "tilaweko za anthu". Zimene mukufunika kudya zikukwera lole, zimene zikukudwalitsani mukuzigula ndi ndalama yomweyo.

Ndiyambe ndafotokoza za mafuta a m'magaziwa, chifukwa ndikudziwa kuti mumtima mukuti, "Ine sindikumva kupweteka paliponse." Sapweteka. Shuga amakuchenjezani ndi ludzu, kukodza pafupipafupi ndi kufooka, koma mafutawa amangokhala phee. Mukudziwa mmene ngalande ya kudimba imachitira: matope amaunjikana pang'onopang'ono m'mbali, madzi akuyendabe, inu osazindikira, mpaka tsiku lina mupeza bedi la kumapeto lauma. Mitsempha ya magazi imatero. Ikatsekeka ya ku mtima ndiye matenda a mtima, ikatsekeka ya ku ubongo ndiye sitiroko, munthu kufa ziwalo mbali imodzi. Shuga wokwera amawononga mkati mwa mitsemphayo, mafuta n'kupeza pokakamira. N'chifukwa chake padziko lonse anthu ambiri a shuga amamwalira ndi mtima ndi sitiroko. Pa ntchito yanga ya unamwino ndimawasambitsa ndi kuwatembenuza anthu otere. Sindikufuna kudzatero ndi inu.

Mafuta ambiri a mtundu umenewu thupi limapanga lokha m'chiwindi. Chimene chimachititsa kuti achuluke m'magazi ndi mafuta aja amagwirana akazizira: onona a nkhumba ndi a mbuzi, chikopa cha nkhuku, mang'ina, majarini wopaka mokhuthala pa buledi. Onjezanipo mafuta a pachiwaya amene akazingira kuyambira m'mawa mpaka ada bii. Chomera chilichonse, kaya ndi mtedza kaya peyala, chilibe cholesterol. Ndiye amene anakuuzani kuti musiye nsinjiro chifukwa "mtedza ndi mafuta" anakusokeretsani. Mafuta a mtedza ndi a mapeyala ndi aja abwino kwa mtima. Chachikulu n'kusapyola muyeso, komanso kusankha mtedzawo musanasinje, wachuku wonse kutaya.

Musaganizenso kuti wina wakuchitani chipongwe. Kafukufuku amene unduna wa zaumoyo unachita ndi WHO mu 2009, pa anthu a zaka 25 mpaka 64, anapeza kuti pafupifupi anthu 6 mwa 100 aliwonse anali ndi shuga wokwera, pafupifupi 9 mwa 100 anali ndi mafuta ambiri m'magazi, ndipo mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi BP. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti pafupifupi tonse sitidya masamba ndi zipatso zokwanira. Alimi ali momwemo.

Tsopano ndifike kukhitchini, ngakhale manyazi akundigwira. Ine ndani kuti ndiphunzitse aNangozo kuphika nkhwani? Si inu munandigwira dzanja pondiphunzitsa kusadzula, n'kundikalipira nditasiya mitsitsi? Ndiye sindikukuphunzitsani. Ndikungokupemphani zinthu zingapo.

Choyamba ndi soda. Ndikudziwa kuti masamba amafewa msanga ndipo amaoneka obiriwira bwino, koma soda ndi chidulo zimapha mavitamini, ndipo soda ali ndi mchere womwe umakweza BP. Nkhwani wanthete safuna soda. Ikani timadzi tochepa mu mphika, tiwire, ponyanimo masambawo ndi tomato ndi anyezi, vindikirani. Akangofota, sungunulani nsinjiro masupuni awiri m'timadzi, thirani, takasani ndi mthiko, zibwate pang'ono kuti nsinjiro ipse, phulani. Madzi asatsale oti mutaye, chifukwa zabwino zambiri zimapita ndi madziwo. Khwanya, chitambe, kholowa, bonongwe, chisoso ndi luni, zonse zimalola kuphikidwa motero. Chigwada chokha ndiye chisinjeni ndi kuchiphika mpaka chipse ndithu monga mwa masiku onse, chimenecho sachita nacho changu.

Bonongwe ndi chisoso ndazitchula dala. Mumazipalira n'kutaya kunja kwa bedi, mlendo akabwera mumachita manyazi kuziika patebulo, ati ndi ndiwo za ausiwa. Kuno m'tauni anthu a magalimoto amayenda msika wonse kuzifunafuna.

Chachiwiri ndi mafuta ophikira. Musamathire kuchokera m'botolo, dzanja limanama. Yezani ndi supuni. Supuni imodzi yaikulu ikwanira poto wa kabichi wa banja lonse. Kazingani anyezi, ikani kabichi wodula mopyapyala, tomato pamwamba, ndipo muphule akadali kukhukhuta pang'ono m'kamwa. Kabichi wophika mpaka wafiira, akusambira m'mafuta, amene timadya pamaliro uja, si amene ndikunena. Tsiku lothira nsinjiro musathirenso mafuta.

Mabiringanya amamwa mafuta kwambiri mukawakazinga. M'malo mwake aikeni athunthu pa makala, muziwatembenuza mpaka khungu lipserere ndipo afewe. Asendeni, muwaphwanye ndi foloko, musakanize ndi tomato wophika, anyezi, adyo ndi katsabola ka kambuzi. Kafungo ka utsi kaja kamachititsa kuti munthu aiwale zoti palibe nyama. Adzukulu anu, amene masamba amawayang'ana ngati adani, amanyambita mbale.

Therere ndiye musalisiye. Kutelera kuja kumene achimwene amadana nako n'kumene kumagwira ena mwa mafuta oipa m'matumbo kuti atuluke, komanso kumachedwetsa shuga kulowa m'magazi. Nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama zimagwira ntchito yofananayo. Izi zili ndi sitachi ndithu, koma zimagayika pang'onopang'ono ndipo zimakhalitsa m'mimba, kotero tsiku la nyemba chepetsaninso nsima. Mvula ikagwa, bowa wodziwika bwino ndi ndiwo yabwino kwambiri kwa inu. Usipa, matemba, dzira lowiritsa, nkhuku yachikuda yochotsa chikopa, zonsezi idyani. Usipa wouma muziyamba mwautsuka m'madzi ofunda kuti mchenga ndi mchere zichoke.

Mcherewo, WHO imati usafike magalamu 5 patsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera wa m'zakudya zonse za tsikulo. Kambale ka mchere kaja kamakhala pamphasa nthawi ya chakudya kachoke. Mandimu ndi tsabola zimakometsa ndiwo mokwanira.

Mwina mwamva kwa ana a masiku ano kuti pa intaneti anthu a shuga akupala kolifulawa n'kumadya ngati mpunga. Zilibe vuto, koma musavutike nazo. Zimenezo anaziyamba anthu amene alibe nkhwani.

Nsima sindikukulandani, ndingayambe bwanji. Ndikupempha kuti ikhale ya mgaiwa, chifukwa gaga amene timakonola n'kupatsa nkhumba ndi amene amathandiza kuti shuga asakwere mothamanga. Komabe mgaiwa ndi nsima ndithu, si mankhwala, mitanda itatu ya mgaiwa ikukwezani shuga. Mtanda umodzi wofanana ndi chibakera chanu. Pa mbale yanu theka likhale masamba, theka linalo mugawe pawiri, mbali ina nsima, mbali ina nyemba kapena nsomba. Yambani kudya masambawo ndi supuni musanateme mbamu yoyamba. Masiku oyamba mudzadzuka pamphasa mukumva ngati simunadye. Mimba imazolowera.

Muzidya pa mbale yanuyanu. Ndikudziwa kuti kwathu kudya pawekha kumaoneka ngati umbombo, koma pa mbale ya tonse palibe amene amadziwa kuti wadya zochuluka bwanji.

Nthawi ya dzinja masamba akachuluka, futsani. Zikwatu za mfutso zija agogo ankapachika kudenga zinkatipulumutsa m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Yanikani pamthunzi podutsa mphepo, asapse ndi dzuwa.

Zipatso idyani, koma chimodzi pa nthawi. Gwafa, pichesi, kagawo ka papaya. Nyengo ya mango ndiye ndimagona ndi nkhawa, poti ndimakudziwani mukakhala pansi pa mtengo ndi beseni.

Pali china chofunika kwambiri, ndipo apa achimwene amvetsetse nawo. Kuchepetsa nsima si kudzimana chakudya. Mwa mankhwala a shuga amene amaperekedwa m'zipatala zathu, metformin payekha sagwetsa shuga kawirikawiri, koma glibenclamide amatha kum'gwetsa kwambiri ngati mwamwa n'kupita kudimba osadya. Mukamva kunjenjemera, thukuta lozizira, chizungulire kapena mtima kuthamanga, imeneyo ndi nthawi yokhayo imene shuga ali bwenzi lanu: sungunulani shuga wokwana masupuni a tiyi atatu m'madzi, imwani, kenako idyani chakudya. Muzimanga maswiti angapo pa nsonga ya chitenje. Ndipo mukapita ku kiliniki kauzeni adokotala kuti mwasintha kadyedwe, kuti aone ngati mlingo wa mankhwala ukufunika kusintha. Musasinthe nokha.

Akakupatsani mapiritsi otsitsa mafuta, monga simvastatin kapena atorvastatin, imwani tsiku lililonse ngakhale mukumva bwino. Masamba amathandiza, koma salowa m'malo mwa mapiritsiwo. Anyamata a zimkuzamawu amene amagulitsa mabotolo pamsika, ati amachiza shuga, BP ndi nyamakazi pakamodzi, apatseni moni mudutse. Shuga sachizika ndi botolo, amangosamalidwa.

Ndikudziwanso chimene simunena. Mukuopa kuti mukatsika thupi anthu ayamba kunong'onezana pachitsime, ena adzati ana anu a m'tauni akutayani. Alekeni anene, amayi. Mimba ikaphwa pang'ono shuga amamvera mankhwala msanga, mawondo nawonso amapepukidwa pokwera chitunda chochokera kudimba. Amene akufuna kudziwa ngati timakusamalani abwere adzandifunse ine.

Ndife Angoni, nyama sitingaikane pamaso pa anthu, ndikudziwa. Pa ukwati, pa chiliza, kapena mukapita ku Umhlangano ku Nkolimbo, landirani nthuli imodzi yopanda mafuta, mudye mosangalala. Fanta akakupatsani, landirani ndi manja awiri, mupatse mdzukulu. Chimene chimawononga munthu ndi cha tsiku ndi tsiku, mandasi a m'mawa uliwonse ndi chipisi cha tsiku la msika.

Kudimba musamapite opanda nsapato. Shuga amachititsa dzanzi kumapazi, munga umalowa munthu osamva. Madzulo mukasamba muziyang'ana pakati pa zala, ndipo kachilonda kalikonse kakaonedwe kuchipatala msanga.

Ndatumiza ndalama pa foni ya achimwene, ya thiransipoti yopitira ku kiliniki pa boma ndi ya majombo. Si ya feteleza, ndawauza kale. Tsiku loyezetsa mupite musanadye kanthu, mankhwala a shuga mukamwe mukatha kuyezetsa, ndipo mutenge kachakudya m'chikwama. Mukafunsenso kuti mafutawo adzawayezanso liti, ndipo achimwene ajambule tsamba la m'bukulo anditumizire pa WhatsApp.

Mupereke moni kwa azakhali ndi onse pakhomopo. Wobwera kuno akapezeka, mundipatsireko nsinjiro ndi chikwatu chimodzi cha chitambe.

Ndine mwana wanu wachisamba,
amake Chisomo