Phiri Limene Tinakumba N'kulimaliza

Madzulo ena ndinakhala pansi pa mkuyu waukulu uja wa pakati pa tauni ya Kabwe, m'manja muli kabuku kokopa alendo kamene mnzanga anabwera nako kuchokera ku Lusaka. Pachikuto panali chithunzi cha Machu Picchu, mudzi wamiyala wa anthu a mtundu wa Inca m'dziko la Peru, utakhala pamsana pa phiri, mitambo ikuyenda m'munsi mwake.

Mudziwu unamangidwa cha m'ma 1450, m'masiku a mfumu Pachacuti, pamalo okwera mamita 2,430. Amisiri ake anasema miyala mwaluso, kotero kuti m'nyumba zolemekezeka mwala unagona pa unzake popanda matope ogwirizira, ndipo zivomezi za m'dzikolo zalephera kuigwetsa. M'mbali mwa phiri anadula minda yonga makwerero, nakonzanso ngalande zotengera madzi. Asilikali a ku Spain, amene anagonjetsa ufumu wa Inca m'ma 1530, sanafikeko konse. Ichi ndicho chinaupulumutsa.

Masiku ano munthu wachuma sachita kukhetsa thukuta kuti akauone. Pali sitima yapamtunda yotchedwa Hiram Bingham, imene imanyamuka kufupi ndi mzinda wa Cusco n'kumatsata mtsinje wa Urubamba. M'kati mwake muli matebulo oyalidwa nsalu zoyera, vinyo, ndi oimba. Ikafika patsinde pa phiri, basi imawanyamula alendowo n'kukwera nawo msewu wokhotakhota mpaka pachipata. Ulendo wa tsiku limodzi lokha umadya madola mazana angapo. Ndisaname, kanjiru kanandigwira pang'ono.

Koma chimene chinandikhalitsa chete ndi dzina la sitimayo. Hiram Bingham anali mphunzitsi wa pa yunivesite ya Yale ku America. Anafika pa Machu Picchu mu 1911, motsogozedwa ndi mlimi wa komweko, Melchor Arteaga, ndipo anapeza mabanja akulima m'minda yakaleyo. M'zaka zotsatira anafukula mbiya, mafupa ndi zipangizo zambirimbiri, napita nazo ku Yale. Dziko la Peru linapempha katunduyo osatopa, mpaka mu 2010 panachitika mgwirizano. Pofika mu 2012 zonse zinali zitabwerera, ndipo lero zili ku Cusco.

Owerenga okondedwa, nkhani imeneyi ife a ku Kabwe tikuidziwa, kungoti yathu sinathe chimodzimodzi.

Patangopita zaka khumi Bingham atakwera phiri lija, pa 17 June 1921, anthu okumba mtovu ndi nthaka ya zinki pamgodi wa Broken Hill, kamtunda kochepa kuchokera pamkuyu pamene ndinakhala, anaboola phanga m'kaphiri kena. M'menemo anapezamo chigaza cha munthu wakalekale. Mabuku analemba dzina la Tom Zwigelaar, mzungu wa ku Switzerland. Dzina la munthu wakuda amene anali naye pantchitoyo palibe anasamala kulilemba. Chigazacho chinatumizidwa ku London chaka chomwecho, ndipo chikali komweko, m'nyumba yosungiramo zakale ya Natural History Museum.

Mu 2020 akatswiri anachipimanso napeza kuti chakhala zaka pafupifupi 300,000. Tayerekezani: makoma a Machu Picchu sanakwanitse n'komwe zaka 600. Munthu wa ku Kabweyu anali ndi chipumi chotsetsereka, fupa lochindikala pamwamba pa maso, ndiponso mano ambiri obooka. Ine amene dzino limodzi linandigoneka kudzuka sabata yathunthu, ndimamumvera chisoni kholo lathuli.

Boma la Zambia lakhala likupempha chigazachi kuyambira m'ma 1970, ndipo mu 2018 nkhaniyi inakambidwa ku komiti ya UNESCO yoona za kubweza chuma cha makolo. Ana athu a sukulu akafuna kuchiona, amaona chofanizira chabe. Komabe ngakhale chitabwera mawa, pali chinthu china chimene sichingabwerenso. A ku Peru analandidwa za m'nyumba, nyumbayo n'kuwasiyira. Ife phanga lenilenilo, pamodzi ndi kaphiri kake, linakumbidwa lonse chifukwa miyala yake inali ya ndalama.

Nafenso sitima ya anthu achuma imadutsa kwathu. Ya kampani ya Rovos Rail, pochoka ku Cape Town kupita ku Dar es Salaam, imaoloka mlatho wa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, kudzera ku Lusaka ndi kuno ku Kabwe, n'kukalowa njanji ya TAZARA ku Kapiri Mposhi. Ndimadzifunsa kuti alendo akewo atatsika n'kunena kuti tiwaonetse pamene panagona munthu wotchuka uja, tingawatengere kuti? Phiri limene tili nalo tsopano ndi lija timalitcha Black Mountain, mulu wa zotsalira za mgodi umene unatsekedwa mu 1994. Fumbi lake lili ndi mtovu, ndipo madokotala akhala akuupeza wochuluka m'magazi a ana a ku Kasanda, Makululu ndi Chowa. Mayi wa kumeneko amene amaletsa mwana wake kusewera padothi ali ndi nkhawa yoposa ya chigaza, ndipo sindingamutsutse.

Ndinapinda kabuku kaja n'kuuyamba ulendo wapansi wolowera kumgodi, dzuwa litapendeka. M'njira ndinakumana ndi bambo wina wachikulire akukankha njinga, amene anati anagwirapo ntchito pansi pa nthaka zaka zambiri. Ndinawafunsa kumene kunali phanga lija. Anaima, nayang'ana uku ndi uku, kenaka analoza ndi chibwano ku dzenje lalikulu lodzala madzi.

"Chapompo," anatero, "koma musayandikire, n'pakuya."