Siponji imodzi, nkhope khumi



Nyengo ya maukwati ndi zinkhoswe yafika, ndipo funso limene mukunditumizira kwambiri sabata zino si la katemera kapena la phala la mwana ayi. Mukufunsa kuti: "Anamwino, faundeshoni tipake ndi chiyani, chala, siponji kapena burashi?" Ena mudabwa kuti namwino wayamba liti nkhani za kuphoda. Khungu ndi chiwalo ngati chiwalo china chilichonse, ndipo zodzola zikavuta pankhope simubwerera kwa amene anakugulitsani. Mumabwera kwa ife.

Yankho langa n'lakuti zonse zitatu zimagwira ntchito. Chimene ndimaopa ine ndi chida cha anthu ambiri.

Mukudziwa mmene zimakhalira m'mawa wa tsiku la ukwati. Mkwatibwi, omuperekeza, amayi ake, azakhali, onse ali m'chipinda chimodzi, nthawi yatha kale, galimoto ikuliza hutala panja. Wophoda ndi mmodzi, siponji ndi imodzi. Yachoka pankhope ya uyu wa ziphuphu, yapita kwa uyo wa matuza pamlomo, yagwa pansi, aitola n'kuipukuta pa chitenje, yafika pa mkwatibwi. Siponji imamwa thukuta, mafuta a pakhungu ndi misozi, ndipo mkati mwake mumakhala monyowa ndi mofunda, malo amene tizilombo timakonda. Zipere, zithupsa, tizithupsa ta pazikope ndi matenda a maso ofiira zimatha kuyenda m'njira imeneyi. Amene mukukumbukira chaka cha 2024, pamene pink eye inabuka ku Karonga n'kufalikira m'maboma ena, mukudziwa kuti nsalu imodzi yopukutira kumaso inali yokwanira kudwalitsa banja lonse. Siponji ya mekapu imafika pafupi ndi diso kuposa nsaluyo.

Musaganize kuti ndi vuto la ife akumudzi tokha. Mu 2019 akatswiri a pa Aston University ku Birmingham, ku England, anayeza zodzoladzola zimene amayi a kumeneko ankagwiritsa ntchito. Tizilombo tambiri anatipeza m'masiponji ooneka ngati dzira aja, ndipo 93 pa 100 aliwonse a masiponjiwo anali asanachapidwepo chigulire. Uku ndi kwa anthu amene madzi amatuluka pampopi m'nyumba usana ndi usiku.

Choncho ngati mwaitanidwa kukhala woperekeza, kapena mwana wanu ndi amene akukwatiwa, gulani siponji yanuyanu, muichape, muiumitse, mupite nayo. Wophoda wodziwa ntchito yake sangakwiye. Akakwiya, mwadziwa kale mmene amasamalira zida zake. Ngati siponji palibe, sambani m'manja ndi sopo n'kupaka ndi zala zanu.

Zala musazinyoze. Kwa mayi amene akungofuna kubisa timadontho pang'ono popita kutchalitchi, zala zoyera ndiye chida chabwino koposa: sizigulidwa, sizimwa faundeshoni, ndipo kufunda kwake kumathandiza kuti ilowerere bwino. Ikani timadontho tochepa pamphumi, pamphuno, m'masaya ndi pachibwano, kenako muzidinda pang'onopang'ono kuchokera pakati pa nkhope kupita m'mbali. Osatikita ngati mukudzola Vaseline m'miyendo.

Siponji imafuna kunyowetsedwa kaye. Iviikeni m'madzi aukhondo, amene mungamwetse mwana, n'kuifinya mpaka isadonthe. Youma imamwa faundeshoni yanu yonse, botolo n'kutha mwezi usanathe. Nayonso ndi yodinda, osati yokhula. Mukamaliza ichapeni tsiku lomwelo ndi sopo, muifinye mpaka madzi atuluke oyera, n'kuiyanika pamalo popita mphepo. Kuiponya yonyowa m'chikwama kapena m'pepala la pulasitiki n'kumene kumaibweretsera timadontho takuda ta nkhungu, ndipo ikafika pamenepo itayeni basi. Ngakhale yosamalidwa bwino, ikatha miyezi ngati itatu yagwira ntchito yake.

Burashi ndi ya amene amaphoda kawirikawiri. Imaphimba kwambiri, koma yotchipa yolimba ubweya imakanda khungu n'kusiya mizere. Ichapeni kamodzi pa sabata, muigoneke kuti iume.

Tsopano za mtundu, ndipo apa ndichedwapo. Amayi ambiri amayesa faundeshoni padzanja, m'sitolo mwa mdima, n'kusankha yowala kuposa khungu lawo poganiza kuti aoneka oyererako. Pa khungu lakuda faundeshoni yowala siyeretsa, imatuwitsa. Munthu amaoneka mbuu ngati wachoka kuchigayo, khosi lakuda, nkhope ya wina, ndipo zithunzi za ukwati zimakhala pakhoma zaka makumi. Dzanja si nkhope. Limapsa ndi dzuwa kumunda, limakumana ndi sopo tsiku lililonse. Yesani m'mbali mwa chibwano, pamene nkhope imakumana ndi khosi, mutuluke panja ndi kagalasi, mudikire mphindi khumi chifukwa ina imada ikakhalitsa pakhungu. Imene yasowa, osaoneka pamene yayambira ndi pamene yathera, ndiyo yanu.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chizolowezi chosakaniza faundeshoni ndi timachubu toyeretsa khungu, kapena kudzola timachubuto pansi pake tsiku ndi tsiku. Tambiri timakhala ndi mankhwala amphamvu monga clobetasol kapena betamethasone, amene kuchipatala timapereka kwa masiku owerengeka pa matenda enieni a khungu. Akadzoledwa kumaso miyezi yambiri khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, ziphuphu zimachuluka, ndipo chipere chikabwera chimafalikira mosavuta. Mafuta ena amakhala ndi hydroquinone, imene ikagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali imasiya zigamba zakuda bii m'masaya zovuta kuchiza. Ku South Africa inaletsedwa m'zodzoladzola kuyambira 1990. Ena amakhala ndi mercury, imene imaononga impso, ndipo imatha kufika kwa mwana ali m'mimba kapena kudzera mu mkaka wa m'mawere. Mayi amayamba ndi kufuna kuwala pang'ono, kenako amafunika faundeshoni yambiri kuti abise zimene mafutawo aononga. Ngati mwakhala mukudzola timachubu totere kwa miyezi, bwerani tikambirane za kasiyidwe kake, chifukwa kusiya mwadzidzidzi nthawi zina nkhope imayabwa ndi kufiira, munthu n'kubwereranso komweko.

Pa chifukwa chomwechi, ine sindigula faundeshoni yothiridwa m'tizibotolo topanda dzina, ngakhale itatchipa bwanji. Simudziwa chimene chilimo, simudziwa inatsegulidwa liti. Pa botolo lenileni yang'anani kachithunzi ka chibotolo chotsegula kolembedwa 12M kapena 6M. Ndi miyezi imene mungaigwiritse ntchito mutatsegula. Ikayamba kununkha mwachilendo, kapena mafuta akapatukana n'kukana kusakanikirana mukakhutchumula, yatha. Ikauma musathiremo madzi, ndipo malovu ndiye ayi ndithu. Musaisiye pawindo padzuwa la Okutobala.

Kutentha komweko n'kumene kumanyenga ambiri kuti apake yochindikala kuti ikhalitse. Yochindikala ndi imene imayenderera msanga. Sambani kumaso, dzolani mafuta opepuka pang'ono, dikirani alowe, pakani faundeshoni yochepa, muonjezere pokhapo pamene pali dontho, kenako paudala pamphumi ndi pamphuno. Thukuta likabwera dindani ndi kansalu koyera, osapukuta. Amene muli ndi ziphuphu, funani botolo lolembedwa non-comedogenic, kutanthauza kuti silitseka timabowo ta pakhungu, ndipo musafinye chiphuphu kuti muchiphimbe bwino. Pa khungu lathuli chiphuphu chimodzi chofinyidwa chimasiya dontho lakuda la miyezi ingapo.

Inu oyamwitsa, mwana amakhudza masaya anu n'kuika zala m'kamwa ndi m'maso. Mukabwera kuphwando, sambani kumaso ndi m'manja musanamunyamule nthawi yaitali. Ndipo ngakhale mwatopa ndi kuvina perekaniperekani mpaka miyendo kuwawa, musagone ndi mekapu.

Faundeshoni yatsopano iyeseni kuseri kwa khutu masiku awiri ukwati usanafike, osati m'mawa wa tsikulo. Pakayabwa kapena kutupa, si yanu. Pabala, pachipere kapena pa matuza musapakepo chilichonse mpaka papole. Diso likafiira n'kumatuluka manthongo, siyani kuphoda, tayani siponji imene munagwiritsa ntchito, ndipo musathiremo mkaka wa m'mawere, madzi a shuga kapena masamba. Pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi. Milomo kapena zikope zikatupa mwadzidzidzi mutangodzola, makamaka ngati mukubanika popuma, sambani msanga ndipo nyamukani nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche.