Kalulu wa Tadala ali ndi mtima wamagetsi

Glasgow, 8 Disembala

Okondedwa achimwene,

Ife kuno tili bwino, kungoti chisanu chafika posauzana. Dzuwa likumalowa 4 koloko isanakwane, moti ndikamaweruka kuntchito kumakhala kutada bii. Ndamva kuti ku Kasungu mvula yobzalira yagwa. Amayi muwauze asalimbane ndi khasu chaka chino, ya aganyu ndatumiza kale.

Chandigwiritsa cholembera m'malo mongoimba foni ndi mwana wanu Tadala. Lachinayi lapitali kusukulu kwawo anaitana makolo kuti tikaone zimene ana apanga. Ine ndinapita mokakamizika, tulo tili m'maso, poganiza kuti ndi zojambula zomata pakhoma zija. Kulowa m'kalasimo, magetsi azimitsa, makatani atseka, koma pamadesiki ponse tinthu tikuphethira ngati ziphaniphani kudambo. Mwana aliyense anauzidwa kuti asankhe nthano yakwawo, apange nyama ya m'nthanomo, koma nyamayo iyake kapena igwedezeke. Wanuyu anasankha Kalulu, yemwe uja agogo ake ankamusimbira pakhonde titabwera kutchuthi.

Thupi analipanga ndi katoni ya nsapato zanga, makutu anadula kuchitenje changa chakale osandipempha n'komwe. Pachifuwa anamatapo kachipangizo kotchedwa micro:bit, kochepa kuposa khadi yakubanki. Kali ndi timababu tofiira 25, mizere isanu ya tisanutisanu, ndi mabatani awiri. A BBC anakagawa ulere m'chaka cha 2016 kwa ana a zaka 11 ndi 12 pafupifupi miliyoni imodzi kuno ku Britain. Mwana amakalamula pakompyuta polumikiza timabokosi tamitundumitundu, ngati akusanja njerwa. Tadala anakauza kuti kazionetsa mtima ukugunda pang'onopang'ono, koma munthu akagwedeza katoniyo, ngati Njovu ikubwera, mtimawo uzithamanga. Kamamva kugwedezeka chifukwa m'kati mwake muli kanthu koyeza mayendedwe, konga kaja kamatembenuza chithunzi mukapendeketsa foni.

Musaganize kuti zinayenda myaa. Sabata ziwiri zathunthu mtima wa Kalulu unkathamanga osaleka, ngakhale katoni ili phee patebulo. Mwana analira mpaka kukana nsima. Ine ndinati aphunzitsi amukonzere basi, nanga salipidwa? Koma iwo ankangomufunsa kuti, "Unakauza kuti kasiye liti?" Tsiku lina m'bafa ndinangomva kukuwa: "Amayi, sikuti kakukana, ndine sindinakauze zonse!" Ndinaseka, komanso ndinachita manyazi pang'ono ndi mkwiyo wanga uja.

Nditaima mumdima muja, maganizo anandithawira kwa inu. Mukukumbuka galimoto yanu ya mawaya ija, ya matayala a zitini za polishi zokulunga ndi mphira? Ya anzanu inkangopita kutsogolo, yanu inkakhota mukapotoza chiwongolero, ndipo munatha masiku angapo mukuyesa kuti matayala akutsogolo azitembenukira pamodzi. Munaipenta ndi makala ndi dothi lofiira, n'kulemba dzina kumbuyo ngati basi yeniyeni. Malipiro ake anali chikwapu cha abambo, ati mukutaya nthawi m'malo mowerenga. Kuno chimenecho achipatsa dzina, akuti STEAM, kutanthauza sayansi, luso lamakono, uinjiniya, zaluso ndi masamu zophikidwa mumphika umodzi, ndipo makolo ena amachita kulipira kuti ana awo akachiphunzire Loweruka. Zinandiwawa, achimwene, kunena zoona.

Ndipo si ife tokha. William Kamkwamba wa ku Wimbe kwathu konko, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ya 2001 mpaka 2002, anaona chithunzi cha makina oyendera mphepo m'buku la kulaibulale, n'kupanga ake ndi njinga yakutha, mapaipi ndi mitengo ya bulugamu. Anthu ankati wapenga. Filimu yake itatuluka mu 2019, anzanga akuntchito ankandifunsa ngati ndikumudziwa! Ngakhale James Watt, yemwe dzina lake timaliwerenga pa mababu, anali wokonza zipangizo payunivesite ya mumzinda uno. Nzeru zake za injini zinayambira pa kainjini kophunzitsira komwe anamupatsa kuti akonze.

Ndikudziwa chimene munene: ana oposa 100 m'kalasi imodzi, magetsi kulibe, mayeso a Sitandade 8 ali pakhosi, ndipo Expressive Arts ili ndi piriyodi yake, Science and Technology yakenso. Sindikukutsutsani, choko mumagwira ndinu. Koma tamvani ichi chimene Tadala wandionetsa patebulo lodyera, chosalira kompyuta. Mwana ajambule nyumba papepala ndi pensulo yofewa, ya 6B ngati ipezeka, mizere yonenepa, yodetsedwa mpaka kunyezimira. Asiye mipata iwiri, wina pamwamba wina pansi. Pansipo agoneke batire ya 9V kuti mitu yake ikhudze mizere iwiriyo, pamwamba amatepo kababu ka LED kochotsa mutochi yakufa, mwendo umodzi uku wina uku. Kamayaka! Mtima wa pensulo umadutsitsa magetsi. Kakakana, atembenuze kababuko, chifukwa magetsi amalowera mbali imodzi yokha. Kuwala kwake n'kofooka, muyesere pamthunzi kapena madzulo. Chosangalatsa n'chakuti mzere ukakhala wautali kapena wowonda kuwala kumachepa, ndiye wojambula mwaulesi amaonekera pompo, ndipo ana amayamba okha kukangana chifukwa chake.

Mayi wina wa kutchalitchi kwathu akubwera pa Khirisimasi, atsikira ku Lilongwe. Ndimupatsira phukusi: mapensulo, timababu, mabatire, ndi micro:bit imodzi yomwe Tadala waumirira kuti ndi ya amalume. Waikamo kale malamulo, mukadina batani A iwonetsa dzina lanu. Imayendera mabatire ang'onoang'ono awiri a AAA, choncho za magetsi musadandaule.

Akamabwerera mumupatsire usipa wouma ndi ufa woyera pang'ono, wakuno sukoma. Tadala akuti ngati pali mwana wa m'kalasi mwanu wodziwa kupinda mawaya, amupangire galimoto yokhota, akufuna akaionetse kusukulu. Chitenje chija ndamukhululukira.

Moni kwa onse pakhomopo.

Ndine mlongo wanu,
Nachisale