Kalata ya Bakitirimu ndi zithupsa

Wokondedwa mphwanga,

Wandifunsa chifukwa chimene anamwino akuumirira kuti alamu ako azimwabe Bakitirimu tsiku ndi tsiku pamodzi ndi ma ARV, chikhalirecho chithupsa cha pantchafu chija chinapola. Nkhaniyi ndi yakale.

Edzi inapezeka koyamba m'Malawi mu 1985. M'zaka zotsatira, kuno kuchigwa khungu ndilo linkayamba kuulula kuti chitetezo cha m'thupi chatsika. Chithupsa ichi chikamapola, china chatuluka kale. Pamene munthu wakanda mphere pankasanduka bala la mafinya, thukuta la ku Nsanje n'kumalinyowetsa usana ndi usiku. Ena mafinya ankasonkhana mkati mwa mnofu, mwendo n'kuuma gwa. Anthu ankathamangira kotemetsa mphini, ndipo lezala limodzi linkangowonjezera tizilombo.

Mu 1999 kafukufuku wa ku Abidjan anaonetsa kuti Bakitirimu wa tsiku ndi tsiku amachepetsa matenda mwa anthu a HIV. Ku Thyolo, kuseri kwa mapiri akum'mawawa, a bungwe la MSF anayamba kumupereka kwa odwala TB okhala ndi kachilomboka, imfa n'kuchepa. Boma linayamba kugawa ma ARV aulere mu 2004, ndipo mu 2005 Bakitirimu analowa m'ndondomeko ya dziko lonse. Ndiye alamu ako asasiye.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti mankhwala akufooka. Magazi amene anayezedwa kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira 1998 mpaka 2016 anaonetsa kuti mabakiteriya ambiri sakumvanso mankhwala amene tinkadalira. Nafenso tikuthandizira vutoli tikamagula makapisozi awiri pagolosale, kuwatsegula n'kuwaza pabala. Chonde, zimenezo pakhomo pako ayi.

Pakhungu lakuda ngati lathuli kufiira sikuoneka msanga, choncho uziyang'ana kutupa, kunyezimira, kutentha kwa malowo ndi ululu umene ukufalikira. Thupi lonse likatentha, usadikire kuti kuche: pitani ku Trinity ku Muona kapena ku chipatala chaching'ono chimene chili pafupi. Chithupsa chokhwima achipatala amachitumbula n'kutulutsa mafinya, pakuti mapiritsi okha safika mkatimo. Zithupsa zikamabwerezabwereza, upemphe kuti ayeze CD4, kuchuluka kwa kachilombo ndiponso shuga.

Mvula yayandikira. Ukukumbuka mmene anthu anayendera m'matope a namondwe Freddy mu 2023 ali ndi mabala kumapazi. Uwagulire alamu ako sopo ndi majombo madzi a Shire asanakwere.

Upereke moni kwa onse kumeneko.

Ine mkulu wako