Kalata kwa mphwanga ku Germiston: mmene injini yakale imadziwikira

Mphwanga,

Mayi akuti wayamba kugwira masipanala pa galaja ina ku Germiston, ndipo wafunsa funso limene limazunguza wophunzira aliyense: injini yakale ikatsitsidwa pa pikapu, yakuda bii ndi girisi, yopanda pepala, munthu amadziwa bwanji mtundu wake ndi ma cc ake?

Kuti umvetse zitsulo zimene zadzaza masikirapu a ku Boksburg, Benoni ndi Springs, uyambe ndi mbiri. Kuyambira m'ma 1960, boma la South Africa linalamula kuti gawo lina la galimoto iliyonse yolumikizidwa m'dzikomo lizikhala lopangidwa komweko, ndipo gawolo ankaliyeza ndi kulemera kwake. Injini ndi chimodzi mwa zitsulo zolemera kwambiri pa galimoto, choncho makampani anayamba kuumba mabuloko konko. Poti makina oumbira ndi odula, injini imodzi ankakhala nayo zaka zambirimbiri, maiko ena atayiiwala kale. Kapikapu ka Nissan 1400 kanatuluka ku Rosslyn mpaka 2008 ndi injini ya A14 ya kabureta. Essex V6 ya Ford, imene a ku Britain anaisiya m'ma 1980, inapangidwabe ku Port Elizabeth mpaka 2000.

Malole nawo ali ndi nkhani yawo. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kunatsegulidwa fakitale ya Atlantis Diesel Engines pafupi ndi Cape Town, yopanga injini za dizilo za Perkins ndi Mercedes-Benz mwa chilolezo, ndipo malole ndi mathirakitala a makampani osiyanasiyana anaikidwa injini zimenezi. N'chifukwa chake lole ya dzina la ku Japan imatha kukhala ndi ADE m'kati. ADE 236 ndi Perkins 4.236: masilinda anayi, ndipo 236 ndi kukula kwake m'mainchi, komwe ndi malita pafupifupi 3.9. Koma ADE 352 ndi OM352 ya Mercedes-Benz ya malita 5.7, ndipo 352 yo ndi nambala chabe ya mtundu. Wophunzira wopupuluma amagwa pomwepa.

Khalidwe losinthanitsa injini lili ndi mizu ku East Rand komwe uliko. Basil Green, amene kampani yake inadziwika ku Edenvale, anaika V6 mu Cortina ndi V8 ya mainchi 302 mu Capri, n'kuzitcha Perana. Anachita ntchito yaukhondo moti Ford inaivomereza. Amakaniko a m'magalaja ang'onoang'ono nawo akhala akulowetsa V6 ya Ford mu Kombi, mu Land Rover ndi mu Hilux. Motero dzina la pa boneti silinena kanthu za chimene chili pansi pake, ndipo chivindikiro cha pamwamba pa injini sichodalirika, poti chimamasuka ndi mabawuti ochepa.

Makaniko wodziwa amapita pa buloko. Amathira palafini pang'ono, kupukuta ndi kansanza, n'kufunafuna kamalo kosalala kamene fakitale inadindapo nambala. Sandipepala wokhakhala saloledwa pamenepa, chifukwa amafufuta manambala omwewo. Akawalitsa tochi chammbali, zilembo zimaonekera bwino kusiyana ndi kuunika molunjika. Asasokonezenso nambala yodindidwa ndi manambala otukuka amene anaumbidwa pamodzi ndi chitsulo: otukukawo amanena za chikombole, ndipo chikombole chimodzi chimatha kubala injini za makulidwe osiyana.

A ku Japan anaphweketsa ntchitoyi. Nambala ya Nissan imayamba ndi dzina la injini: A12 ndi 1171 cc, A14 ndi 1397 cc. Kwa Toyota, chilembo chimanena banja, nambala yoyambirira imanena membala wa banjalo. Banja la Y, limene lanyamula anthu a ku Tembisa, Katlehong ndi Daveyton m'mataxi a HiAce kwa zaka zambiri, ndilo lofunika kuliloweza: 2Y ndi 1812 cc, 3Y ndi 1998 cc, 4Y ndi 2237 cc. Kunja zimafanana kwambiri, ndipo wogulitsa wosakhulupirika amatha kutchula 3Y kuti 4Y.

Pa V6 za Ford maso okha amathandiza. Essex ili ndi distributor kutsogolo, pamene Cologne, mnzake wa ku Germany, ili nayo kumbuyo.

Nambala ikadyedwa ndi dzimbiri, chotsala ndi kuchotsa hedi n'kuyeza. Zofunika ndi ziwiri: kukula kwa bowo la silinda, ndi mtunda umene pisitoni imayenda kuchoka pansi kufika pamwamba. Pa 4Y bowo ndi masentimita 9.1 ndipo mtunda ndi 8.6. Theka la bowo, 4.55, amalichulukitsa ndi 4.55 yemweyo, kenako ndi 3.1416, kenako ndi 8.6, ndipo zimapereka 559 cc pa silinda imodzi, kuposa pang'ono botolo la madzi la theka la lita. Masilinda anayi ndiye 2237. Kuyeza bowo lokha n'kudzinamiza: 2Y ndi 3Y zonse zili ndi bowo la masentimita 8.6, zimasiyana mtunda wa pisitoni, 7.8 ndi 8.6. Ayang'anenso pamutu pa pisitoni. Pakalembedwa STD ndiye kuti bowo silinakulitsidwepo, koma 0.50 ikutanthauza kuti linakulitsidwa ndi theka la milimita, ndipo maringi wamba sakwanira.

Mbali imene ikundidetsa nkhawa ndi ya malamulo, makamaka poti iwe ndi mlendo m'dzikomo. Nambala ya injini imalembedwa pa disiki ya laisensi ya pa galasi ndiponso mu kaundula wa eNaTIS. Galimoto ikasinthidwa injini, mwiniwake amayenera kukatenga chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti injiniyo si yakuba, kenako nambala yatsopano ilowe m'kaundula. Lamulo la katundu wogwiritsidwa kale ntchito la mu 2009 limafuna kuti wogulitsa akhale wolembetsedwa ndipo azisunga buku la zimene wagula ndi kugulitsa. Choncho lisiti yokhala ndi nambala ya injini uziiumirira, ngakhale wogulitsa akhale wakwathu. Dzimbiri limadya chitsulo mosasankha malo, koma ukaona kamalo ka nambala kokha kali kolowa m'kati, kali ndi mizere ya girayinda, kapena manambala ali okhotakhota ngati odindidwa ndi dzanja, uwauze abwana ako pomwepo ndipo injiniyo usaimasule. Amene akufuna kuti injini idzafike ku Malawi akumbukire kuti pa Beitbridge ndi pa Mwanza adzafunsidwa mapepala ake.

Ugule kabuku kolembamo nambala ndi miyeso ya injini iliyonse imene watsegula. Uwayimbireko mayi Lamlungu.

Ine mkulu wako