Njala imene sioneka pathupi

Kwathu ku Nsaru, kumadzulo kwa Lilongwe, kulibe nyanja. Inu a ku Mangochi ndi ku Nkhotakota, chimanga chikakanika mumayang'ana kumadzi. Ife nkhokwe ikauma timangoyang'anana.

Mu Malichi 2024, ng'amba ya El Niño itawotcha mbewu, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Feteleza anali atakwera kale mtengo, Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tonse tinadera nkhawa ana ndi okalamba. Za achinyamata sitinafunse.

Mng'ono wanga, wa mkazi ndi khanda, ankalawirira kukasaka ganyu mpaka ku Kabudula, n'kubwerako chimanjamanja. Sanaonde kwenikweni. Anangosiya kuyankhula, tulo tinamuthawa, pa bawo sankaonekanso. Achibale anati ndi ulesi, ena anati ndi chamba. Ine ndimati anali matenda a maganizo, obwera ndi manyazi a bambo wosowa chopatsa banja lake. Thandizo lilipo mumzinda, ku Bwaila ndi ku Saint John of God, koma ndalama yokwerera minibasi ndi yomweyo yogulira ufa wa masiku angapo. Mlamu wanga anasankha ufa.