Miyendo ya m'kompyuta nayonso imatopa

Anthu ambiri akamva zoti munthu akusewera mpira pa kompyuta amaganiza za kuthamangitsa tianthu pogwiritsa ntchito timabatani. Koma pali mtundu wina wa masewerowa umene munthu sagunda mpira ngakhale kamodzi. Iye amakhala mphunzitsi wa timu: amagula ndi kugulitsa osewera, amakonza zokonzekera, amasankha anthu 11 olowa m'bwalo, kenaka n'kukhala pansi kuonerera. Odziwika kwambiri ndi Championship Manager, amene anatuluka mu 1992 atapangidwa ndi Paul ndi Oliver Collyer, anyamata apachibale a ku England. Kampani yawo ya Sports Interactive itasiyana ndi ya Eidos, inayamba kutulutsa Football Manager mu 2004. Ine ndakhala ndikusewera masewerowa kuchokera ndili ku sekondale, ndipo chachikulu chimene ndaphunziramo n'chakuti thupi la wosewera lili ndi malire.

Wosewera aliyense m'masewerowa amapatsidwa malikisi kuyambira 1 kulekeza 20 pa luso lililonse. Pali malikisi a liwiro, a kupatsira mpira, a kumwetsa zigoli, komanso ena okhudza thupi. Stamina imasonyeza kutalika kwa nthawi imene munthu angathamange osafooka, pamene Natural Fitness imasonyeza msanga umene thupi lake limabwerera m'chimake akatopa kapena akavulala. Palinso malikisi obisika a Injury Proneness amene mphunzitsi saona, amangowazindikira wosewera wake akamakhalitsa kwa dotolo. Kale mphamvu zotsala m'thupi zinkaonetsedwa ngati maperesenti, koma kuyambira mu Football Manager 2021 anaika kachithunzi ka mtima kamene kamasintha mtundu munthu akamatopa.

Kutopaku kumaonekera poyera m'bwalo. Ndaona kambirimbiri wosewera wapakati amene m'chigawo choyamba amapatsira mpira molunjika akuyamba kupatsira adani ikakwana mphindi ya 70. Wotchinga kumbuyo wotopa amafika mochedwa pa mpira, n'kuponda mnzake, n'kulandira khadi. Wakutsogolo amasiya kubwerera kudzathandiza anzake. Ndikalamula timu kuti izipanikiza adani bwalo lonse, zigoli zimabwera ndithu, koma walira mvula walira matope: mphamvu zimatha msanga ndipo minofu ya kuseri kwa ntchafu imayamba kukokeka. Mu ligi yaikulu ya ku England muli masewero 38, kuwonjezera apo pali zikho, ndipo nyengo ya Khirisimasi timu imatha kusewera katatu m'masiku ochepa. Mphunzitsi wodalira anthu 11 okhaokha amafika mu Januwale theka la timu lili kuchipatala.

Chovuta n'chakuti kupumitsa nakonso kuli ndi mtengo wake. Wosewera wokhalitsa pabenchi amakhala ndi mphamvu zonse koma miyendo yake imaiwala mpira, ndipo ukamuponya mwadzidzidzi m'masewero aakulu amachita dzimbiri, mwinanso kuvulala kumene. Ena amabwera kudzadandaula kuti sakuseweretsedwa ndipo akufuna kugulitsidwa. Choncho ntchito yanga sabata iliyonse imakhala yoyeza: uyu apume lero, uyo asewere mphindi 60 zokha, winayo akayambe watenthetsa magazi m'timu yachiwiri.

Mnzanga wina amene timagona chipinda chimodzi amati masewerowa amabera. Akuti katswiri wako amavulala pamene ukumufunitsitsa, ndiye kuti kompyuta imachitira dala. Zikatero iye amazimitsa n'kubwerera pamene anasungira masewero, kubwereza mpaka katswiriyo atuluke m'bwalo wamphumphu. Ine ndimamuyankha kuti masewero ofunikawo amadza kumapeto kwa nyengo, pamene katswiriyo wathamanga kale miyezi isanu ndi inayi osapuma. Ndimamukumbutsanso za Pedri wa Barcelona, amene ali ndi zaka 18 anasewera masewero oposa 70 m'nyengo ya 2020/21, kuphatikizapo mpikisano wa mayiko a ku Ulaya ndi wa Olimpiki ku Tokyo. Mu Seputembala 2021 anavulala ntchafu ndipo anadzabwerera bwino mu Januwale 2022. Mu Seputembala 2024, Rodri wa Manchester City anauza atolankhani kuti osewera atsala pang'ono kunyanyala ntchito chifukwa cha kuchuluka kwa masewero. Patangopita masiku asanu anaduka mtsempha wa m'bondo posewera ndi Arsenal. Ngozi ya bondo ingagwere ngakhale munthu wopuma bwino, komabe aphunzitsi a anyamata amenewa analibe batani lobwezera tsiku m'mbuyo. N'chifukwa chake ine ndimakana kulidina. Masewero opanda kuvulala sangakhale mpira.

Chiyeso chenicheni ndinakumana nacho ndikutsogolera katimu kakang'ono ka m'ligi yapansi ku England. Kunatsala masewero amodzi, ndipo tikanapambana tikanakwera ligi. Mnyamata wanga womwetsa zigoli, wa zaka 19, anavulala kakolo pokonzekera. Masewerowa anandipatsa njira ziwiri: kumusiya m'manja mwa dotolo kwa masabata atatu, kapena kumubaya jakisoni woletsa ululu kuti asewere, ndi chenjezo loti bala likhoza kukula. Ndinayang'ana uthengawo kwa nthawi yaitali. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti mnyamatayo ndi manambala chabe m'kompyuta, alibe mayi woti n'kumulirira. Komabe ndinapeza kuti dzanja langa likukana. Ndinamupumitsa, tinalepherana opanda chigoli, ndipo tinatsala m'ligi yomweyo. Eni timu ananditumizira uthenga wosonyeza kukhumudwa, mnzanga uja anandiseka sabata yathunthu, koma mpaka lero ndimaona kuti ndinasankha bwino.

Chimene chinandigwira dzanja tsiku limenelo ndi nkhani ya Marco van Basten wa AC Milan. Anapambana Ballon d'Or katatu, mu 1988, 1989 ndi 1992, koma kakolo wake anamuzunza zaka zambiri. Masewero ake omaliza anali a ndime yomaliza ya chikho cha ku Ulaya mu 1993, ali ndi zaka 28 zokha, ndipo anasiyiratu mpira mu 1995. Apa ndi pamene masewero a pakompyuta amaperewera. Amatha kuwerengera masabata amene wosewera akhale kunja, amathanso kumuchotsera malikisi a liwiro akachira, ndipo kuyambira mu Football Manager 2018 muli gawo la zachipatala lochenjeza za amene ali pachiopsezo. Koma ululu wausiku, mantha a munthu amene ntchito yake yonse ili m'bondo limodzi, ndi banja limene limadya kuchokera pa bondolo, zonsezi kompyuta sionetsa. Mphunzitsi amayenera kuzikumbukira yekha.

Masewerowa andisintha kaoneredwe ka mpira weniweni. Mphunzitsi akatulutsa katswiri masewero ali mkati, anzanga amakuwa kuti wapenga, koma ine ndimayamba ndawerenga kuti katswiriyo wasewera kangati mwezi umenewo. Lamulo lololeza kusintha osewera asanu, limene linayamba mongoyembekezera mu 2020 nthawi ya Covid-19 n'kukhazikitsidwa mu 2022, ndimaliona ngati kuvomereza kuti matupi a osewera akusenzetsedwa katundu wolemera. Ife ochemerera timafuna masewero ambiri, eni matimu amafuna ndalama zambiri, ndipo ngongole yonse imalipidwa ndi minofu ya mnyamata amene ali m'bwalo. Ngati munthu angazengereze kubaya jakisoni wosewera wa m'kompyuta, ayeneranso kuganiza kawiri asananyoze wosewera weniweni amene akuyenda motsimphina m'mphindi ya 80.